Tsiku limene mchombo wanga unaitanitsa amalume

Zonsezi zinayamba ndi kabulauzi kamene ndinatola pa kaunjika ku Limbe. Kachikasu, kokongola, kolekezera pamwamba pa mchombo. Nditakayesa pagalasi ndinaona kuti pamimba panga pangoti mbee, ngati bwalo la mpira tsiku lopanda masewera. Ndi anzanga tinali titapangana zopita kunyanja ku Mangochi kumapeto kwa Okutobala, nthawi ija dzuwa limaotcha ngati uli nalo ngongole, ndiye ndinati ayi, pazithunzi za ulendo umenewu payenera kukhala kenakake konyezimira. Ndiboola mchombo.

Anandiboola ndi mtsikana wa pa saluni ina imene ndimalukitsa tsitsi. Dzina sinditchula, amaluka bwino ndipo ndikufunabe kumapitako. Nditamufunsa ngati anaboolapo mchombo wa munthu, anati, "Asisi, makutu ndaboola osawerengeka, khungu ndi limodzimodzi." Ndikanakhala munthu womvetsera ndikanazindikira kuti funso langa silinayankhidwe. Anasolola singano m'kachitini kamene amasungiramo ulusi wosokera mawigi, n'kuiwamba pa kandulo mpaka kunsonga kunada, n'kuipukuta ndi thonje la sipiriti. Magolovesi panalibe. Manja ake anali atangochoka kumene m'mutu mwa mayi wina amene ankamumasula mesh ya miyezi iwiri. Kandolo ndinabwera nako ndekha, ndinagula pa benchi mumsika, ndipo wogulitsayo analumbira pali mayi ake kuti ndi golide, ngakhale mtengo wake unali wofanana ndi wa mandasi asanu. Mnyamata wanga, amene anandiperekeza ndiponso kulipira, anaima pakhomo atafulatira chifukwa amaopa magazi.

Malangizo anali achidule. "Muzikazunguza tsiku lililonse kuti kasamatirire, muzithira sipiriti. Sabata imodzi papola."

Ndinatsatira zonse mokhulupirika kuposa mmene ndimatsatirira malamulo khumi. M'mawa kuzunguza, masana kuzunguza, ndili pa mzere wa ku banki dzanja lili m'kati mwa malaya kuzunguza, manja omwewo ogwirira ndalama za m'minibasi. Madzulo sipiriti. Amene sanathirepo sipiriti pa bala la pamchombo sadziwa kuti munthu angathe kuvina beni yekha m'bafa popanda ng'oma.

Loweruka lotsatira tinanyamuka. Ndinavala jinzi ija lamba wake amafika pamchombo penipeni, n'kukhala m'minibasi anthu anayi pampando wa atatu, kuchokera ku Blantyre kudutsa Zomba ndi Liwonde, mwana wa mayi woyandikana nane atatsamiritsa chigongono chake pomwepo ngati wachita kutumidwa. Titafika kunyanja ndinasambira tsiku lonse. Ndinakwiriridwanso mumchenga mpaka m'khosi chifukwa anzanga anati chithunzi chake chimakhala bwino. Zithunzizo zinatulukadi bwino, ndipo pa Facebook anthu anayamikira. Pa zonse zimene ndinachita mwezi umenewo, chimene chinayenda ndi chokhacho.

Lachiwiri pamchombo panafiira. Lachinayi panatupa, pakutentha ngati mbatata yongophula kumene, ndipo kufiirako kunayamba kutambalala. Kenako panayamba kutuluka mafinya achikasu opita kobiriwira, ndi kafungo kamene poyamba ndinanamizira galu wa aneba. Golide uja naye anali atasintha mtundu, akuoneka ngati waya wa m'batire yakale.

Apa munthu wanzeru akanapita kuchipatala. Ine ndinapita pa gulu lathu la WhatsApp. Wina anati paka mankhwala otsukira mano, amaumitsa. Ndinapaka, ndipo mchombo unanunkhira timbewu kwa mphindi khumi kenako n'kuyamba kuluma ngati ndagwera m'chitedze. Wina anati madzi a mchere. Sananene kuchuluka kwake, ndiye ndinatapa dzanja lodzaza ngati ndikufutsa usipa. Wina anati jivi, mankhwala apepo aja tinkapakidwa pa zilonda tili ana. Pofika Lachisanu mimba yanga inali ya mitundu inayi, ndipo zovala zam'kati zonse zinali zitalowa chipani chimodzi.

Ndimakhala ndi mayi aang'ono ku Chilomoni, mng'ono wawo wa mayi anga, munthu wa Mvano amene maso ake saphonya kanthu. Za kuboolazo sindinawauze. Koma taganizirani zimene iwo ankaona. Mtsikana wabwera kuchokera kunyanja komwe anagonako masiku awiri. Wasiya majinzi ake onse, akungovala madiresi otaya. Chitenje akumangira pachifuwa. Akuyenda chowerama, dzanja lili pamimba. Akukhalitsa m'bafa, akutulukamo maso ali ofiira. Akukana kusinja, akukana kuwerama pokolopa, nsima akungoitola pang'ono, ndipo usiku wa Lachisanu thupi linatentha mpaka ndinasanza.

Loweruka m'mawa anandipeza kukhitchini. Anatseka chitseko.

"Iwe, wayamba liti?"

Ine poganiza kuti aona jivi pa zovala, ndinayankha motsitsa mawu kuti, "Patha masabata awiri, mayi."

"Masabata awiri ndiye ukuyenda kale chonchi? Usandipusitse. Ndani wakuchita zimenezi?"

"Ndinafuna ndekha, mayi. Anzanganso ambiri ali nazo."

Anakhala pansi pa mpando wa ndiwo, n'kugwira kumutu. Sanandifunsenso china. Ndinamva akuimba foni kuseri kwa nyumba, ndipo mawu okha amene ndinatolapo ndi akuti "achimwene, bwerani lero lomwe."

Amalume anafika cha m'ma 2 koloko atavala jekete, kunja kukutentha chomwecho. Kwathu mwini mbumba akavala jekete Loweruka, dziwani kuti nkhani yake si ya feteleza. Agogo, amene anabwera kuchokera ku Machinga kudzaonetsa maso, anawayalira mphasa pakona. Ine anandikhazika pakati. Amalume anapempha nambala ya mnyamata uja, n'kuimba, n'kuika foni patebulo kuti aliyense amve.

"Ndine malume ake a mtsikana amene ukuyenda nayeyu. Kodi ukudziwa zimene zili pamimba pa mwana wathu?"

Mnyamata wanga ndi waulemu, ndipo bodza salidziwa. "Eee, ndikudziwa, amalume."

"Ndiwe unachititsa?"

"Tinagwirizana, amalume. Iyeyo ndi amene ankafunitsitsa, ine ndinangothandizira. Sizinatengenso nthawi, mphindi ziwiri zokha."

Mayi aang'ono anafuula kuti "Yesu!" Ine apa m'pamene zinanditsekukira m'mutu, koma pakamwa panangoti gwa. Ndinayesa kukweza dzanja, amalume n'kundiloza ndi chala kuti ndikhale chete.

"Ndiye maganizo ako ndi otani, mnyamata?"

"Ndawerenga pa intaneti, akuti zimatenga miyezi isanu ndi umodzi, ena isanu ndi inayi, ena mpaka chaka. Koma ine ndinamuuza kale, amalume, kuti ngati zikumuvuta angochotsa."

Sindinaonepo munthu wamkulu akuimirira msanga chomwecho. Jekete inavulidwa. Amalume anayamba kulankhula Chiyao, chimene amachisungira maliro ndi milandu ya malo. Ndinaona kuti ndikachedwa mphindi ina imodzi, munthu wosalakwa akagona kupolisi. Ndinaimirira, n'kumasula chitenje, n'kukweza diresi mpaka pamchombo, pamaso pa mwini mbumba, chinthu chimene mwana wamkazi woleredwa bwino sachita.

M'nyumba munangoti zii. Pafoni mnyamata uja ankangoti, "Halo? Halo, amalume?"

Amalume anayang'ana kudenga. Mayi aang'ono anayandikira, n'kubwerera m'mbuyo chifukwa cha fungo, ndipo nkhope yawo inkasowa chochita pakati pa kuthokoza Mulungu ndi kundimenya. Agogo ndi amene anathetsa bata. Anati ndisendere pafupi, n'kuyang'anitsitsa ndi diso lawo labwinolo, chipini chawo chikunyezimira pamphuno.

"Chipini chimakhala apa," anatero akugwira mphuno yawo. "Ife tinatemanso mphini pamimba, tinavala mikanda m'chiuno, agogo ako aamuna sanadandaulepo. Koma mchombo? Mchombo wako utagwa ndinakaukwirira ndine, tinakusunga m'chikuta mpaka papola, tikuopa ngakhale ntchentche. Lero wakula wapita kukautsegulanso ndi ndalama?"

Tinapita kuchipatala madzulo omwewo, ine pa kabaza wanjinga yamoto nditakhala chammbali ngati mkwatibwi. Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire amene zikuoneka kuti anaona zonse m'dziko muno. Anayang'ana mimba yanga ya mitundumitundu n'kufunsa kuti, "Chemwali, mwapakapo chiyani apa? Kapena ndifunse kuti n'chiyani chimene simunapake?" Anandiyeza malungo kaye, poti kwathu kuno thupi likatentha amayambira pamenepo, ndipo sanapezeke. Kutenthako kunkachokera pa balalo.

Ndinawapempha kuti angochotsa kandoloko zithe. Anakana. Anati bala likakhala ndi mafinya, kandolo kamasiya njira yoti mafinyawo azitulukira, ndipo ukakazula wekha khungu limatha kutsekeka pamwamba, zoipa zonse n'kutsalira m'kati n'kusanduka chithupsa chofuna kung'amba. Kuchotsa kapena kusiya, anati, amagamula ndi achipatala ataona bala, osati gulu la WhatsApp. Mayi aang'ono, amene maola awiri m'mbuyomo ankalira atamva mawu akuti kuchotsa, anagwedeza mutu kuvomereza kuti eya, asachotse.

Akutsuka, namwinoyo ankandiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani. Timadzi toyera kapena totuwa pang'ono timene timauma n'kupanga nkhanambo m'mbali mwa ndolo si vuto, bala lililonse lotere limatero. Koma kufiira kumene kukufalikira, kutupa, kutentha, mafinya achikasu kapena obiriwira onunkha, mizere yofiira yochoka pabalapo, kapena thupi lonse kutentha, zimenezo sizidikira kuti kuche. Sipiriti ndi mankhwala ena oluma aja amapsereza khungu latsopano limene likuyesera kumera, ndiye bala limachedwa kupola. Kuzunguza kumang'amba m'kati ndi kulowetsa litsiro la m'manja. Nditawauza za kunyanja ndi mchenga uja, anasiya kutsuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Anati bala la pamchombo silifuna kuviikidwa m'nyanja, m'dziwe losambiramo kapena m'bafa lodzaza madzi lisanapole, ndipo kupola kwake si sabata imodzi. Mnyamata wanga pa mfundo imeneyi ananena zoona: miyezi 6 mpaka 12, chifukwa pamalopo pamapindika nthawi iliyonse ukakhala pansi ndiponso pamakhulana ndi lamba.

Chotsukira chake chinandichititsa manyazi chifukwa cha kuphweka. Ndi madzi amchere a 0.9 peresenti, omwe aja amaika mu dripi, ogulitsidwa ku famase. Kusamba m'manja ndi sopo kaye, kunyowetsa kansalu koyera ka gozi, kutsuka kawiri patsiku, kuumitsa mosisita pang'onopang'ono ndi gozi wina wouma, basi, n'kupasiya. Thonje anati limasiya ulusi umene umakola pa ndolo. Akasowa madzi a ku famasewo, mchere wake ndi kota ya kasupuni ka tiyi m'kapu ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Ndinawerengera m'mutu dzanja lodzaza lija n'kukhala chete.

Anandipatsa mankhwala akumwa opha tizilombo, n'kundichenjeza kuti ndimalize onse ngakhale nditaona kuti papola pa tsiku lachitatu. Anafunsa za katemera wa kafumbata, ndipo poti sindinkakumbuka, ndinalandira jakisoni pamkono. Atamva za singano ya m'kachitini ija anasiya nthabwala. Anati kandulo sayeretsa singano, ndipo singano imene yadutsa m'matupi a anthu ena imatha kupatsira matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi C ngakhalenso HIV, choncho ndikayezetse ndiponso ndidzabwerezenso pakapita miyezi itatu. Mbali imeneyi sinandiseketse, ndipo usiku umenewo sindinagone bwino. Zotsatira zonse zinadzatuluka zabwino.

Za golide wanga anati zitsulo zotchipa zotere nthawi zambiri zimakhala ndi nickel, chimene chimayabwitsa ndi kutupitsa khungu la anthu ambiri ngakhale popanda tizilombo, ndipo oboola odziwa ntchito amaika titanium kapena chitsulo cha mtundu umene madokotala amagwiritsa ntchito, ndi singano yatsopano yotsegulidwa m'pepala lake iwe ukuona. Anandiuzanso kuti ife akhungu lakuda timakonda kutuluka zipsera zotukuka zija, ndiye ndisamapasewere.

Mafinya atatha, patapita masabata awiri, ndinabwerera ndipo namwino uja anachotsa okha kandoloko. Ndinalibenso mtima wosamalira bala chaka chathunthu. Panatsala kachipsera kakuda pamwamba pa mchombo, kamene kamaoneka ngati mchombowo wakweza nsidze kudabwa nane.

Masabata onsewo wotsuka anali mayi aang'ono, m'mawa ndi madzulo, atavala magalasi awo owerengera Baibulo, ndipo ulendo uliwonse ankayamba ndi funso lomwelo: "Mwana wagona bwanji lero?" Amalume sanaitchulenso nkhaniyi kwa ine. Koma mnyamata uja anamuimbiranso mawa lake, n'kumuuza kuti mlandu wa mimba watha, komabe poti wavomera ndi pakamwa pake kuti amayenda ndi mwana wawo mpaka kumulipirira zoboola thupi, abwere ndi amalume ake adzaonekere. Anabwera, atabwereka suti. Chinkhoswe chili mu Ogasiti.

Kabulauzi kachikasu kaja agogo anapita nako ku Machinga. Akuti n'kabwino kupukutira magalasi.