Atachimenti ya ku Limbe, miyezi itatu

Ndikamva ana a chaka chachiwiri akuti atachimenti ndi kutaya nthawi, amangokutuma fotokope ndi kukagula mandasi, ndimangoseka chamumtima chifukwa nanenso pakamwa panga pankatuluka zomwezo. Ine ndimapanga za akaunti ku Poly, inde ndikudziwa kuti ndi MUBAS kuyambira 2021 koma lilime lakana kusintha. Malo ndinawapeza movutikira, kuyenda ndi envelopu ya khaki kuchoka Ginnery Corner mpaka Makata, kulikonse "siyani kalata tikuyimbirani", mapeto ake inanditenga kampani ina ya holuselo ku Limbe yomwe imaitanitsa katundu kunja.

Masabata awiri oyamba zinalidi za mafayilo basi. Madamu a ku akaunti anandipatsa mulu wa mapepala kuti invoisi iliyonse ndiipezere LPO yake (pepala looda katundu lomwe kampani inalemba) ndi pepala losonyeza kuti katundu analandiridwa kusitolo, ndizimange pamodzi. Ndinkaboweka heve, ndikuganiza kuti zaka zonsezi kuwerenga usiku kuti ndidzagwire sitepula? Koma tsiku lina ndinapeza invoisi yolemba makatoni 200 pomwe a kusitolo anasainira 180. Ndinapita nayo mwamantha, madamu anangoyang'ana n'kunena kuti "mwanawe, wayamba ntchito lero." Mkalasi nkhani yofananitsa mapepala atatuwa ndi mzere umodzi m'manotsi a oditi, umaloweza n'kukhoza, koma kuti makatoni 20 atha kulipiridwa asanafike n'komwe ndinakaziona ndi maso kumeneko.

Ndiye panali chondichititsa manyazi. VAT nthawi imeneyo inali 16.5%, ndipo ine ndinkadzitenga ngati dolo wa masamu a msonkho. Anandipatsa lisiti la K1,165,000 lomwe VAT inali kale mkati, ine osaganiza n'komwe ndinangomenya 16.5% pa ndalama yonseyo n'kupeza K192,225, kulowetsa mu Sage, pulogalamu ya pakompyuta ya akaunti, kudikira kuyamikiridwa. Yankho lake ndi K165,000 anthuni, chifukwa VAT ikakhala mkati umachulukitsa ndi 16.5 n'kugawa ndi 116.5, osati 100. Pamayeso cholakwa chotere chimangokudyera mamalikisi awiri, koma apa ikanakhala kampani ikuuza MRA kuti inalipira msonkho wochuluka kuposa weniweni, ndipo malisiti ngati amenewo ndinali nditalowetsa ambirimbiri. Tinakhala mpaka kunja kuda tikukonza limodzi limodzi, madamu sanakalipe, anangondifunsa kuti "kusukulu kwanu kakuleta imaganiza yokha?" Mpaka lero ndikaona lisiti la m'shopu maso amathamangira pa mzere wa VAT.

China chomwe buku silikupatsa ndi kalendala ya mu ofesi. Pofika pa 14 PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito) ndi withholding tax (wodulidwa polipira ogulitsa katundu kapena ogwira maganyu) za mwezi wathawo zikhale zapita, pa 25 ndi VAT, ndipo masiku amenewo ofesi imakhala zii, aliyense maso pa Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA, kupemphera kuti netiweki isagwe. Za penshoni, olemba ntchito 10% wantchito 5%, ndinazidziwa bwino nditathandiza kupanga malipiro a mwezi, kuona bambo wina wonyamula katundu akufunsa chifukwa chomwe ndalama yake yachepa, ndipo amene anayenera kufotokoza m'Chichewa chomveka ndinali ine. Yesani kufotokozera munthu za penshoni popanda liwu lachizungu ndi limodzi lomwe, mudziwa ngati munamvadi phunzirolo.

Koma chachikulu chinali Novembala 2023. Kwacha inagwetsedwa ndi 44%, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700, ine ndili pomwepo. Kampani inali ndi ngongole ya madola 20,000 kwa wogulitsa wina wakunja, katundu anabwera kale, ambiri anagulitsidwa kale pamtengo wakale. Usiku umodzi ngongole ija inakwera ndi ndalama zoposa K10 miliyoni popanda wina kuba kapena kulakwitsa chilichonse. M'mawa mwake abwana aakulu anatseka chitseko, foni zikungolira, ife tikusintha mitengo pa Excel mzere ndi mzere, makasitomala ochokera kumaboma akukalipa panja kuti dzulo lomweli mtengo sunali uwu. Zija za kuluza chifukwa cha kusintha kwa mphamvu ya ndalama ndinkaziona ngati funso lovuta la kumapeto kwa pepala, apa zinali pankhope za anthu.

Sindinama, mbali ya ndalama inali yowawa. Malipiro kunalibe, ankangondipatsa ya thiransipoti yomwe minibasi zitakwera mtengo sinkakwananso, masiku ena nkhomaliro inali chimanga chootcha ndi madzi a mu ofesi. Ine ndinapirira chifukwa ndimagona kwa azakhali ku Ndirande, koma mnzanga wochokera ku Mzimba wopanda wachibale mtauni muno anasiya pakati. Apa makampani akuyenera kuganizapo, munthu akugwira ntchito yeniyeni bwanji osamupatsa kangachepe. Komanso si malo onse omwe amaphunzitsa, ena anzathu miyezi yonse anangokhala pa risepushoni kusewera pa WhatsApp, ndiye ukaona sabata yatha osakhudza kanthu uzipempha wekha, "madamu, ndingathandize nawo rikonsiliyeshoni ya kubanki?" Ine ntchito yofananitsa mabuku a kampani ndi sitetimenti ya kubankiyi ndi momwe ndinaiphunzirira, cheke chomwe chinalembedwa koma sichinatapidwe ndinachisaka masiku awiri.

Nditabwerera kusukulu alekichara anafika pa IAS 21, lamulo la akaunti la za ndalama zakunja zija, n'kufunsa kuti ndani angapereke chitsanzo. Kalasi yonse chete, ine amene ndimakhala kumbuyo osayankhula chiyambire chaka choyamba ndinakweza mkono. Pa CV yanga pano pali nambala ya madamu aja, anandiuza okha kuti ndiziyika, bola ndiziwadziwitsa kaye olemba ntchito asanawayimbire.