Chimene chimachotsa wodwala anorexia m'chipatala asanachire

Pa phunziro lathu la matenda a maganizo, mutu wa anorexia nervosa, matenda amene munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa, wandisiyira mfundo iyi: wodwala amafuna kutuluka m'chipatala pamene sikelo yayamba kukwera. Kwa anamwino ndi chizindikiro chabwino, koma kwa iye ndi chinthu chomwe wakhala akuchiopa koposa, kunenepa.

Thupi nalo limamuvutitsa m'masabata oyambirira. Chifu chimene chakhala nthawi yaitali chopanda chakudya chimagaya mochedwa, motero phala la m'kapu imodzi limamutupitsa mimba, amadzimbidwa, mapazi n'kutupa ndi madzi. Madziwo amakweza sikelo mofulumira, iye n'kuganiza kuti akumunenepetsa dala. Chikhala kuti anauzidwiratu kuti zimenezi zidzabwera ndipo zidzatha, kuti cholinga ndi theka la kilo kufika kilo imodzi pa sabata, mantha akanachepa.

Chakudya chimayambika pang'onopang'ono pa chifukwa chachikulu. Munthu wanjala yaitali akadya zambiri mwadzidzidzi, michere ya phosphate, potassium ndi magnesium imatsika m'magazi, mtima n'kusokonezeka. N'chifukwa chake amapatsidwa thiamine (vitamini B1) asanayambe kudya, ndipo magazi amapimidwa pafupipafupi masiku oyambawo. Wachibale wosafotokozeredwa amangoona mbale yaing'ono, n'kunena kuti kunyumba kuli nsima yambiri.

Kuno kum'mawa kwa Zambia kulinso zathuzathu. Mtsikana akaonda, anthu amayamba aganiza za HIV, TB kapena shuga. Zonsezi zikapimidwa osapezeka, achibale amati "kuchipatala sanapeze matenda", ulendo wa kwa sing'anga kapena kumapemphero. Mayi wodwazika mwana ku Chipata wochokera ku Chadiza kapena ku Lundazi wasiya munda, ndipo mvula ikagwa sangakhale mwezi wathunthu pambali pa bedi. Mukatchula zowatumiza ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo ku Lusaka, ena amamva ngati mwati mwana wawo wachita misala.

Ine ndikuona kuti tsiku logonekedwa ndilo lofunika kwambiri. Khalani pansi ndi wodwala pamodzi ndi makolo, tchulani dzina la matendawo, gwirizanani za kulemera kofunika kufikapo ndi malamulo a nthawi yakudya, ndipo namwino azikhala naye pafupifupi ola limodzi akatha kudya kuti asakasanze. Akaumirirabe kutuluka, musamukalipire. Pimani kugunda kwa mtima ndi magazi, muuzeni zizindikiro zobwerera nazo msanga monga kukomoka, ndipo mupatseni tsiku lodzaonedwanso sabata yomweyo, chifukwa wotuluka akadali woonda kwambiri matenda amamuyambiranso mosavuta.