Kamera yaing'ono ya m'thumba ili ndi malire pojambula kanema

Ndagwiritsa ntchito kamera yaing'ono ya digito kwa zaka zingapo, ndipo ndikufuna kuchenjeza aliyense amene akuganiza zoigula kuti azijambulira kanema wautali. Pa zithunzi imachita bwino ndithu, koma pa kanema ili ndi zofooka zimene ogulitsa satchula kawirikawiri.

Makamera ambiri otere amasiya okha kujambula akafika pa mphindi 29 ndi masekondi 59. Gwero la malire amenewa ndi msonkho: mayiko a European Union ankaika kamera yotha kujambula mphindi 30 kapena kupitirira apo m'gulu la makamera a kanema, omwe ankalipiritsidwa msonkho polowa m'mayikowo, ndiye makampani opanga anasankha kuchepetsa nthawiyo ndi sekondi imodzi kuti asalipire. Kuwonjezera apo, khadi yosungira zithunzi ikakhala ya FAT32 (njira yakale yosanjira mafayilo pa khadi), fayilo imodzi singapitirire 4 GB, choncho kanema amadulidwa m'zigawo kapena amaima kumene.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi mawu. Maikolofoni ili pafupi ndi lenzi, moti mukamakokera chinthu pafupi, phokoso la kamota ka mkatimo limalowa m'kanema, mphepo nayo imaphimba mawu a munthu amene akulankhula, ndipo makamera ambiri alibe polumikizira maikolofoni ina. Kunja kukayamba kuda, sensa yake yaing'onoyo, kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala chithunzi, imalandira kuwala kochepa, chithunzi n'kudzaza timadontho. Makamera amene amajambula mu 4K (kanema wooneka bwino kwambiri) amatentha msanga, ena mpaka kuzima okha, ndipo batire silichedwa kutha.