Ndinadzera ku Oxford kuti ndimve babatoni wa kwathu

Lachitatu magetsi anathima cha m'ma 6 koloko madzulo kuno ku Area 25, foni inali ndi moto pang'ono, ndiye ndinangoti basi ndigone pamkeka pakhonde ndivale mahedifoni ndimvere chimbale chimodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadumphitsa nyimbo olo imodzi. Ndinasankha In Rainbows ya Radiohead, gulu la rock la ku England, ya 2007 ija, ndipo chitatha ndinapeza ndili ndi zambiri zonena moti ndi izi ndikulembazi.

Radiohead ndinaidziwira kwa achimwene anga amene anabwera ndi CD ya OK Computer kuchokera ku Joni, kabokosi kake kosweka pakona komata ndi selotepi. Chimbale chimenechi chinatuluka mu 1997 ndipo anthu ambiri olemba za nyimbo amachiika pamwamba penipeni, koma ine poyamba sichinandilowe ayi, mawu a woyimba wake Thom Yorke ndinkangowamva ngati munthu wodandaula pamaliro pomwe sakudziwa womwalirayo, komanso pakati pake pali kachigawo kena kongolankhula kompyuta, mayi anga anamva kameneko ali kukhitchini n'kufunsa ngati wailesi yagwidwa ndi chinachake. Zinanditengera mwina chaka kuti ndimve zimene gitala ya Jonny Greenwood imachita, kuti siimangoperekeza woyimba, imakangana naye, imalira payokha kenako n'kukhala chete pomwe iwe umayembekezera phokoso. Lero ndimachilemekeza kwambiri. Koma mukandifunsa chimene ndingatenge nditauzidwa kuti ndisankhe chimodzi, nditenga In Rainbows, ndipo okonda OK Computer mundikhululukire. Nyimbo za In Rainbows ndi 10 zokha, palibe yongodzazitsa, ng'oma zake ndi zofunda, zimayenda ngati munthu amene akudziwa kumene akupita, ndipo Yorke apa akuyimba za chikondi ndi mantha a munthu wamba osati za makina ndi dziko lopenga. Anyamata a ku Abingdon pafupi ndi Oxford amenewa anachitulutsa pa intaneti n'kuuza anthu kuti aliyense alipire zimene angathe ngakhale osalipira kumene, ine zimenezo zimandikhudzabe chifukwa ndikudziwa mmene ife timapezera nyimbo, kukabenetsa mu memory card kumsika, woyimba osaonapo ngakhale tambala.

Chimbale chawo china, Kid A ya 2000, ndimayesetsa koma imandizizira.

Nirvana, gulu la ku America, ndi nkhani ina. Nevermind ya 1991 aliyense wokonda rock anadutsamo, anthu atatu okha koma phokoso ngati chigayo chadizilo, Dave Grohl akumenya ng'oma ngati zamulakwira. Ndili mnyamata inkandithandiza kutulutsa mkwiyo. Pano ndikamakula ndikubwerera kwambiri ku MTV Unplugged in New York, imene anajambula mu November 1993 n'kutuluka mu 1994 woyimba wawo Kurt Cobain atamwalira kale mu April chaka chomwecho. Anachotsa phokoso lija, pasiteji panali makandulo ndi maluwa, ndipo nyimbo zambiri zotchuka za gululi sanaziyimbe n'komwe, anayimba za anthu ena zimene iye ankazikonda. Nyimbo yomaliza ndi yakalekale ya ku America, mawu a Cobain amathetheka mpaka kung'ambika, kenako amapuma kamodzi mozama asanamalize, kupuma kumeneko ndinakubwereza kambirimbiri mu minibasi kuchokera kudepoti mpaka ku Nsungwi kondakitala akundikodola kuti ndilipire ine osamumva.

Tsono apa ndi pamene nkhani yanga inakhota. Mu 2008 kunatuluka chimbale choyamba cha Vampire Weekend, anyamata a ku New York, ndipo nditachimva patapita zaka ndinadabwa kuti magitala awo oyera opyapyala aja akumveka ngati zimene zinkalira pa wailesi ya amalume masana Loweruka. Nditafufuza ndinapeza anthu akuchiyerekeza ndi Graceland ya Paul Simon ya 1986, imene mbali ina anajambulira ku Johannesburg nthawi ya tsankho, nkhani imene inautsa mkangano waukulu chifukwa oyimba akunja ankapemphedwa kuti asamagwire ntchito ku South Africa nthawi imeneyo. Graceland ndi chimbale chokoma, sindingakane, koma ine ndikamachimvera khutu langa silikhala pa Simon, limakhala pa bezi ya Bakithi Kumalo, pa mawu a Ladysmith Black Mambazo, ndiponso pa gitala ya Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene anamwalira mu 2017. Phiri, abale. Dzina lokhalo likukuuzani kumene kunachokera banja lake. Chotsani gitala imeneyo muone chimene chitsale.

Kenako ndinagwera pa Warm Heart of Africa ya The Very Best, ya 2009. Woyimba wake ndi Esau Mwamwaya amene anakulira mu Lilongwe momwe muno, anakumana ndi anzake a m'gululi ku London akugulitsa katundu wakale mushopu, ndipo pa chimbale chimenechi akuyimba m'Chichewa pamwamba pa mabiti amagetsi, Ezra Koenig wa Vampire Weekend yemwe uja ali momwemo, woyimba wa ku England M.I.A. nayenso ali momwemo. Ndinakhala pansi. Chimbale chimene magazini a indie (nyimbo za oyimba osadalira makampani akuluakulu) kunja ankachitamanda, m'chilankhulo changa, cha munthu wa mutauni mwanga, koma ine ndinachidziwa chifukwa cholondola azungu a ku New York. Zinandipweteka ndipo zimandipwetekabe, chifukwa ndikafunsa anzanga ambiri kuntchito sachidziwa, pomwe mawu a Esau ndi otakasuka ngati a wotsogolera kwaya amene wadya bwino, amakweza nyimbo iliyonse ngakhale pamene biti yake ili yozizira. Si nyimbo zonse zimene zakalamba bwino, mabiti ena akumveka kuti ndi a nthawi imeneyo, koma mawuwo sanakalambe. Chimbale chawo china, Makes a King ya 2015, anajambulira kunyanja konkuno ndipo ndi yofatsa, ndimaikonda m'mawa.

Chimene chinandimaliza ndi Madalitso Band. Anthu awiri basi, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene anayimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri asanayambe kukwera ndege. Yobu amaliza babatoni, bezi ya chingwe chimodzi yakhosi lalitali yokutidwa ndi chikopa, Yosefe ali ndi gitala ya zingwe zinayi kwinaku akumenya ng'oma ndi chidendene atakhalira. Mverani Wasalala ya 2019 kapena Musakayike ya 2022, zonse zinatuluka kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Nyimbo zake ndi zazitali, zimazungulira pamalo amodzi mpaka thupi limayamba kugwedezeka lokha, babatoni uja amang'ung'udza pansi ngati njuchi yaikulu, mawu awiriwo amakwerana mwa kwaya ya kumudzi. Ena amati nyimbo zonse zimafanana, ine ndimati mverani bwino pamene liwiro likukwera pang'onopang'ono inu osazindikira, chimenecho ma band ambiri a rock okhala ndi zida za mamiliyoni amachilephera. Ndipo ngati indie ndi kupanga wekha zida zako, kuyimba zako, osadikira kampani yaikulu ikuuze chochita, ndiye sindikudziwa amene angawapose awiriwa. Ndimakumbukira masiku ndinkadutsa anyamata oyimba babatoni ku Old Town pafupi ndi msika, anthu atawazungulira, kambale ka ndalama pansi, ine mahedifoni m'makutu ndikumvera Arctic Monkeys, sindinaimepo olo tsiku limodzi kuti ndiponye kenakake m'kambale kaja. Zimenezi ndimazimvera chisoni.

Arctic Monkeys yo ndimaikondabe, makamaka chimbale choyamba cha 2006 chimene chimangofotokoza usiku wa anyamata a ku Sheffield, koma AM ya 2013 kwa ine ndi yosalala mopitirira. Zimbale za Kuimba za Evison Matafale ndi Black Missionaries zikufunika tsiku lakelake, sindingazipanikize muno.

Lachitatu lija In Rainbows itatha magetsi anali asanayake, foni inatsala ndi 9%, ndinaika Musakayike n'kuchotsa mahedifoni kuti ilire pasipika. Amayi a nyumba yoyandikana anali akupatsa moto mbaula kuseri kwa mpanda, anaima n'kufunsa kuti kodi amenewo ndi ana a kuti, ndinawauza kuti ndi a mu Lilongwe momwe muno, anati ndikweze pang'ono. Foni inazima nyimbo yachitatu ili pakati.