Lachinayi ku Chitakale: mamilimita atatu achedwetsa ntchito

Kwacha kotentha lero. Phiri la Mulanje limangooneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wolusa, ndipo fumbi la mumsewu wa ku Muloza linayamba kulowa pazenera 8 koloko isanakwane. Patebulo lathu lokonzerapo makompyuta panali ntchito yomwe tinapangana ndi mwiniwake sabata yatha, yomanga kompyuta yosewerera magemu m'kesi (bokosi la kompyuta) yaing'ono, yoti ikwane pashelefu komanso inyamulike pa minibasi.

Zipangizo zinafika dzulo madzulo kuchokera ku Limbe. Kesi ndi Cooler Master NR200, ya malita 18 ndi pang'ono. Motherboard, bodi yomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndi yaing'ono ya Mini-ITX ya B550, purosesa ndi Ryzen 5 5600, RAM (memori yogwirira ntchito) ziwiri za 8 GB iliyonse, SSD (chosungiramo mafayilo) ya M.2 ya 1 TB, khadi la magemu la RX 6600, ndi power supply (chogawa magetsi ku zipangizo zonse) ya mtundu waung'ono wa SFX. Panalinso cooler (choziziritsira purosesa) yaitali ya fani ya 120 mm yomwe mwiniwake anagula payekha.

Tisanamasule sikuluu ndi imodzi yomwe, tinatenga rula ndi pepala. Pa makesi aang'ono ntchito imayambira apa. Bodi ya Mini-ITX ndi 170 mm mbali zonse, ili ndi mabowo anayi a masikuluu ndi malo amodzi okha olowetsa khadi. Imeneyi sivuta. Zovuta ndi zinayi: kutalika kwa cooler, kutalika kwa khadi, kunenepa kwa khadilo, ndi mtundu wa power supply. NR200 imalola khadi lofika 330 mm, lonenepa mpaka masiloti atatu (timipata ta kumbuyo kwa kesi totulukira khadi), ndiye RX 6600 ya mafani awiri imalowa ndi malo otsala ambiri. Power supply ya SFX ndi 125 ndi 63.5 ndi 100 mm, pomwe ya ATX yomwe timaizolowera m'makompyuta a m'maofesi ndi 150 ndi 86 ndi 140 mm. Pali ina yotchedwa SFX-L, yotalika 130 mm. Imalowa, koma mawaya ake amatsikira pafupi ndi khadi, ndiye khadi likakhala lalitali zimapanikizana.

Pa cooler ndi pomwe zinakanika. Pabokosi pake panalembedwa 158 mm, kesi imalola 155 mm. Mamilimita atatu amaoneka ngati si kanthu, koma nsonga za mapaipi a kopa zimagunda chivundikiro cha m'mbali. Ena amakankha chivundikirocho mpaka chitseke. Musatero. Mphamvu yonseyo imapita pa soketi ya purosesa, bodi imapindika pang'ono, ndipo pakapita miyezi makina amayamba kuona RAM imodzi yokha kapena kungozima osachenjeza.

Tinawaimbira eni ake. "Achimwene, cooler yanu ija yatalika, chivundikiro sichitseka." Anafunsa ngati sitingangosiya mbaliyo yotsegula. Mwezi wa Okutobala kuno, kesi yotsegula imadzaza fumbi sabata imodzi, osanenanso za nalimata ndi mphemvu zomwe zimakonda malo ofunda. Tinagwirizana zoika kaye cooler yomwe imabwera m'bokosi la Ryzen 5 5600, ya Wraith Stealth, yomwe ndi yaifupi kwambiri. Purosesayi ndi ya 65 W, ndiye cooler imeneyi imakwanitsa ntchito ngakhale imalira kwambiri zinthu zikatentha. Yabwinopo tidzaitanitsa, yosapitirira 155 mm.

Kumanga kwenikweni kunayamba cha m'ma 10. Chilichonse chomwe chingamangidwe kunja kwa kesi chimangidwire kunja, bodi ili pamwamba pa katoni yake. Purosesa ya soketi ya AM4, ngati yathuyi, ili ndi timiyendo tambirimbiri kunsi kwake. Kwezani kachitsulo ka pasoketi, yang'anani kachizindikiro ka makona atatu pangodya, ndipo purosesayo igwere yokha m'malo mwake. Ikafuna kukankhidwa ndiye kuti yalakwika mbali. Kenako SSD, ndi kasikuluu kake kakang'ono komwe kakagwa pansi simukapezanso, ndiye yalani nsalu yoyera patebulo. Mabodi ambiri a Mini-ITX ali ndi malo achiwiri a M.2 kumsana kwake. Malo amenewo sapitako mphepo yokwanira, ndiye SSD yomwe ili ndi Windows ndi magemu ikhale kutsogolo, pansi pa kachitsulo koziziritsa. Musaiwale kuchotsa kapulasitiki kophimba phala la pakachitsuloko.

Poika Wraith Stealth mumachotsa timapulasitiki tiwiri takuda ta m'mbali mwa soketi, koma chitsulo cha kumsana kwa bodi chimatsala, chifukwa masikuluu anayi a cooler amamangira mmenemo. Mangani modumphitsa, ngodya iyi kenako ya kutsidya kwake, pang'onopang'ono, kuti ikhale mofanana. Yatsopano imabwera itapakidwa kale thermal paste, phala lopititsa kutentha kuchoka pa purosesa kupita ku cooler. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, pukutani bwino ndi kudontheza pakati pa purosesa kadontho kofanana ndi njere ya nandolo, basi. Tsiku lodzachotsa cooler imeneyi, yatsani kaye makina kwa mphindi zingapo kuti paste ifewe, kenako muipotokole pang'ono uku ndi uku musanakoke. Mukangozula, purosesa imatuluka itamatirira ku cooler ndipo timiyendo timapindika.

Zonse zili pa katoni choncho, tinalumikiza power supply, khadi ndi sikirini n'kuyatsa. BIOS, pulogalamu ya pabodi yomwe imayamba Windows isanatseguke, inaonetsa RAM yonse 16 GB ndi SSD. Mphindi khumi zimenezi zimapulumutsa maola, chifukwa m'kesi yaing'ono kuchotsa chinthu chimodzi kumafuna kuchotsa zitatu.

Mkati mwa kesi, ndondomeko ndiyo nkhani yonse. Ubwino wa NR200 ndi wakuti mbali zonse zimachoka, pamwamba ndi pansi pomwe, mumatsala ndi chigoba. Yambani ndi kachitsulo ka kumbuyo kotulukira mapoti ngati bodi yanu sinabwere nako komatiratu. Waya wa purosesa wa mapini 8 mulowetseni bodi isanamangidwe, chifukwa malo ake ali pangodya ya pamwamba pomwe chala sichifika bodi ikakhala m'malo. Kenako masikuluu anayi. Kenako timawaya ta batani loyatsira ndi waya wa USB wa kutsogolo wa mapini 19. Waya ameneyu ndi wouma, ndipo mapini ake ndi oonda kwambiri. Mulowetseni mowongoka kamodzi, osamugwedeza.

Power supply imakhala chakutsogolo, osati kumbuyo monga m'makesi aakulu, ndipo pali waya wolumikiza kuchokera pamenepo kufika pa soketi ya kumbuyo. Izi zikutanthauza kuti switchi yake imatsekeredwa mkati. Iyatseni musanatseke kesi. Anthu ambiri amamaliza ntchito yonse, kudina batani, zii, n'kuyamba kukayikira bodi pomwe vuto ndi kaswitchi kamodzi. Fani ya power supply iyang'ane kunja, kuchivundikiro cha mabowo, kuti izikoka mphepo yozizira. Lumikizani mawaya okhawo omwe mukufuna: wa mapini 24, wa purosesa, ndi umodzi wa khadi. Otsalawo abwerere m'bokosi.

Khadi limalowa pomaliza. Tisanaliike tinamanga mafani awiri a 120 mm pansi, okokera mphepo mkati. Pansi pa khadi la masiloti awiri pamakhala mpata, koma khadi likanenepa kuposa pamenepo gwiritsani mafani opyapyala a 15 mm m'malo mwa a 25 mm. Pamwamba pali fani yotulutsa mphepo yotentha, ndipo pachitsulo cha m'mbali tinaikapo ina yopemerera molunjika pa cooler, popeza cooler yaifupiyi yasiya malo. Titayatsa panamveka phokoso la tcherr, ngati njinga ya mwana yoikidwa kakatoni pa masipoko. Unali waya wa fani womwe unalendewera n'kukhudza mapiko a fani ya pansi. Tinaumanga ndi timalamba tiwiri ta pulasitiki, phokoso linatha. M'kesi yaikulu waya wolendewera amangonyansa, m'yaing'ono amaimitsa fani.

Tikudya nkhomaliro kunabwera ntchito ina yomwe sitinaiyembekezere. Mnyamata wochokera ku Luchenza anafika ndi kompyuta yaing'ono kwambiri, ya malita 11 kapena kucheperapo, yomwe achibale anamubweretsera kuchokera ku Joni. Ndi ya mtundu uja khadi ndi bodi zimapatsana msana, chitsulo chili pakati, n'kulumikizidwa ndi lamba wotchedwa riser. Anasintha khadi lakale n'kuika latsopano, ndipo kuyambira pamenepo mafani amazungulira koma sikirini ili bii.

Vuto ili ndi lodziwika. Bodi yake ndi ya PCIe 4.0 (PCIe ndi njira yomwe bodi ndi khadi zimalankhulirana), khadi latsopano ndi la 4.0, koma riser ndi ya 3.0. Bodi ndi khadi zimagwirizana zolankhulana pa liwiro la 4.0, lamba wapakatiyo sangalinyamule, ndiye chithunzi sichituluka, kapena chimatuluka n'kumathimathima. Khadi lakale linali la 3.0, n'chifukwa chake kunalibe vuto. Kukonza kwake ndi kulowa mu BIOS n'kusintha liwiro la siloti kuchoka pa Auto kuika pa Gen 3. Koma mulowamo bwanji sikirini ili yakuda, purosesa ilibe zithunzi zakezake? Njira yachidule ndi kubwezeretsa kaye khadi lakale, koma iye anali atagulitsa kale. Tinachita kuchotsa bodi m'kesi, kulowetsa khadi mwachindunji popanda riser, kusintha BIOS, n'kumanganso zonse. Ola ndi theka. Tinamulembera papepala n'kumata mkati mwa chivundikiro kuti batire la bodi la CR2032 likadzatha, kapena BIOS ikadzabwerera pachiyambi, vutoli lidzabweranso. Pa khadi ngati RX 6600 kapena RTX 4060, kutsikira ku Gen 3 kumachepetsa liwiro la magemu pang'ono chabe. Pa RX 6500 XT, yomwe ili ndi njira zinayi zokha za PCIe, kusiyana kumaoneka ndithu, ndipo ndi bwino kugula riser ya 4.0.

Makina awiriwa ali pamodzi patebulo anaonetsa chifukwa chake ife timalangiza makesi a malita 15 mpaka 20 kwa munthu wa kuno amene akumanga koyamba. Aang'ono kwambiri aja ndi okongola zedi. DAN A4-SFX ndi malita 7 ndi pang'ono, koma cooler yake isapitirire 48 mm. Fractal Design Terra ndi malita 10.4, ndipo chitsulo chake chapakati chimasuntha: mukapatsa cooler malo mpaka 77 mm mwalanda khadi, mukapatsa khadi malo cooler imatsala ndi 48 mm. Zoziziritsa zotere, monga Noctua NH-L9 ya 37 mm kapena Thermalright AXP90-X47 ya 47 mm, simungangozipeza pashelefu ku Limbe. Mumaitanitsa, kudikira masabata, ndipo chikalakwika kubweza n'kovuta. Kesi yokulirapo pang'ono imalandira zipangizo wamba, khadi limalowa pabodi popanda riser, ndipo imasiya malo a mafani, omwe m'nyengo ino ndi ofunika kuposa kukongola.

Za fumbi tinakambirana ndi eni makina oyamba aja atabwera madzulo. Mafani olowetsa mphepo akhale ochuluka kuposa otulutsa, ndipo onse olowetsa akhale ndi sefa. Mukatero mphepo imatulukira m'ming'alu m'malo mokokera fumbi mmenemo. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, masefa atsukidwe masabata awiri alionse, ndipo aume bwino asanabwerere. Popemerera mkati gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Kesi isakhale pansi pa simenti, pamphasa kapena pabedi, chifukwa imapumira pansi. Kuno vuto silithera pa fumbi. Chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi, fumbi lomwe linatsalira pa timapepala ta cooler limamwa chinyezi n'kusanduka ngati matope ouma, ndipo pazitsulo za mapoti pamayamba dzimbiri. Makina omwe akhala masiku osayatsidwa m'chipinda chozizira, asiyeni kaye m'malo ouma musanawayatse.

Poyesa tinasewera gemu yolemera kwa ola lathunthu zivundikiro zonse zitatsekedwa, chifukwa kuyesa kesi ili yotsegula sikuuza munthu chilichonse. Purosesa inafika m'ma 80 madigiri, pomwe malire ake ndi 90. Tinalowa mu BIOS n'kuyatsa Eco Mode, yomwe imatsitsa purosesa ya 65 W kukhala ya 45 W. Kutentha kunatsika, fani inachepetsa kulira, ndipo pa gemu sipanaoneke kusintha koti diso n'kuzindikira, chifukwa ntchito yaikulu imagwiridwa ndi khadi.

Cha m'ma 5 koloko magetsi anathima tili mkati moyesa kachiwiri, UPS, chipangizo cha batire chogwiriziza makina magetsi akathima, n'kuyamba kulira. Masamu ake ndi awa: khadi limadya 132 W, purosesa sipitirira 76 W, zina zonse mwina 40 W, sikirini 30 W. Zonse pamodzi sizifika 300 W. UPS ya 650 VA nthawi zambiri imanyamula 360 W, ndiye imakwana kuti munthu asunge gemu n'kuzimitsa bwino, koma batire lake silingapitirire mphindi zochepa. Ya 1000 VA imapereka mpata wabwinopo. Power supply zamakono zina zimazima kapena kulira zikalandira magetsi a UPS zotchipa, choncho yesani pozula pulagi kukhoma dala makina akugwira ntchito, musadikire tsiku lenileni. Onetsetsaninso kuti mwendo wachitatu wa pulagi, wa earth, ndi wolumikizidwadi m'soketi ya nyumba. Mvula ya mabingu ikayamba mu Novembala, zulani pulagi ndi waya wa intaneti womwe.

Magetsi sanabwere mpaka tatseka. Mawa m'mawa tiyatsa XMP mu BIOS kuti RAM ifike pa liwiro lake la 3200, tiyese ndi pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86 kwa maola angapo, kenako tiyezenso mpata wa pakati pa soketi ndi RAM tisanaitanitse cooler yatsopano.