Mmene ndinathanirana ndi phokoso la modyuleta mu Sienta yanga

Galimoto zambiri tikuyenderazi ndi zochokera ku Japan, ndipo wailesi zake zambiri zimayambira pa 76 nkukathera pa 90 basi, poti kwawoko masiteshoni ambiri a FM amakhala mmenemo. Pomwe kamodyuleta timagula kaja, kobaya pa laita nkumatumiza nyimbo za mu foni kapena fulashi ku wailesi ngati kasiteshoni ka FM, kamaulutsa kuyambira 87.5 kukafika 108. Nde mukaziika pamodzi ziwirizi, pomwe zimakumana ndi kampata kochepa kwambiri, 87.5 mpaka 90, ndipo mavuto ambiri a saundi amayambira pomwepa ngakhale anthufe timathamangira kunena kuti atigulitsa feki.

Yanga ndi Sienta yakale ija ya maso ozungulira, wailesi yake ilibe Bluetooth, ilibe AUX (pobaya waya wa saundi), ili ndi pa CD pokha ndi zolemba za Chijapanizi zomwe ndimangodina mwa chikhulupiriro. Modyuleta inkalira ndithu koma kaliridwe kake eeh, pansi pa nyimbo pali shiiii wosatha, pena munthu wowerenga mauthenga a maliro akulowerera pakati pa kolasi, pena kamluzu ndikangoponda moto, ndikafika pa hampu nkuzima. Nde ndinaganiza zozisaka chimodzichimodzi, chifukwa ukamasintha zinthu zitatu nthawi imodzi sudziwa kuti chathandiza nchiti.

Ndinayamba ndi kuzimitsa injini, kiyi ndinamusiya pa ACC, pomwe wailesi imalira injini ili chizimire, modyuleta nkuizula kaye. Kenako ndinayenda pa wailesi yonse pamanja, kudina kamodzikamodzi 76.0, 76.1 choncho, osati kusiyira wailesi isake yokha ayi, imeneyo imadumpha masiteshoni ofooka omwe ndi omwewo amadzakuvutani mukayamba kuyenda. Ndipo apa mpomwe panali nkhani yonse. Ndinapeza masiteshoni akulira pa 79, pa 81, pa 84, malo omwe kuno kwathu kulibe amaulutsirapo, FM yathu imayambira cha pa 87.5 kupita mmwamba. Kutanthauza kuti mwini wake woyamba anaikamo ekisipanda, kabokosi kakang'ono kamene amakalumikiza pa waya wa eriyo kuseri kwa wailesi kuti kazitsitsa masiteshoni athu alowe mu 76 mpaka 90 muja. Ambiri mwa inu kali momo koma simukudziwa, makamaka ngati galimoto munaigula kwa munthu osati kuitanitsa nokha kudzera pa Dar.

Nde ekisipanda ikakhalapo, nambala mukuiona pa wailesiyo si yeniyeni. Ina imachotsa 10, ina 14, ina 18, zimasiyana. Kuti ndidziwe yanga ndinangotchera siteshoni imodzi nkudikira mpaka atchule okha kuti akumveka pa chakuti, nkuchotsera ndi nambala ya pa wailesi, kunatsala 14. Ndiye kuti pa 88.0 pomwe ndinaika modyuleta paja, wailesi imalandira zinthu ziwiri nthawi imodzi, 88.0 yeniyeni ya modyuleta yomwe imadutsabe, ndi chilichonse chili cha pa 102.0 chomwe ekisipanda yatsitsa. Wa mauthenga a maliro uja amachokera kumeneko.

Ubwino wake ukangodziwa zimenezi malo amachuluka, sukhalanso wopanikizika pa 87.5 mpaka 90. Ndinasaka pa wailesi pamene pali shiii yekhayekha, popanda ndi kamawu kapatali komwe, ndipo ndinaonetsetsa kuti mbali zonse ziwiri, kudina katatu mmwamba katatu mmunsi, kulinso zii, chifukwa siteshoni yamphamvu imataikira kwa aneba. Tinene mwapeza pa 79.3, mumaphatikiza 14 uja nkuika modyuleta pa 93.3, wailesi nkuisiya pa 79.3 pompo. Zimaoneka zopusa, manambala awiri osiyana, koma nyimbo inatuluka yoyera moti ndinachita kuyang'ana kawiri. Nambala zanu zikhala zina malingana ndi komwe muli, musakopere zangazi. Amene mulibe ekisipanda nde pepani, muzisaka mu kampata kaja basi, ndipo kawirikawiri pansi penipeni cha pa 87.5 kapena 87.6 mpomwe pamakhala bata.

Siteshoni itachoka panatsala mawu osweka, makamaka pa bezi, ng'oma ikagunda sipika kumangoti phrrr ngati pepala lamatidwa pa sipoko ya njinga. Izi sizinali za sipika chifukwa CD imalira bwinobwino. Vuto ndi voliyumu, pali mavoliyumu atatu apa, ya foni, ya modyuleta ndi ya wailesi, ndipo ukadzaza ziwiri zoyambazo mpaka kumapeto kamodyuletako kamalephera kunyamula, mawu amasweka asanafike nkomwe ku wailesi nde kutsitsa pa wailesi sikuthandiza chilichonse. Koma ukatsitsanso kwambiri umakakamizika kukweza wailesi, shiii uja amakwera nawo limodzi. Ine ndinaika foni pang'ono kupitirira theka, modyuleta ndinaibweza pang'ono kuchoka pamapeto, zotsala ndimakweza pa wailesi. Ndinazimitsanso zowonjezera bezi za mu foni zija, ngati mukufuna bezi ikani pa wailesi.

Tsopano ndinaliza injini, kamluzu kaja nkubwera. Kameneka mukazindikira mosavuta, kamakwera mukaponda moto nkutsika mukasiya, ndi phokoso la altaneta likulowa mu saundi. Ndinazula waya wotchajira foni, zii. Kubwezera, mluzu. Chinali chakuti foni ndinailumikiza ku modyuleta ndi waya wa saundi komanso ikutchaja pa USB ya modyuleta yomweyo, nde phokoso la magetsi limapeza njira yozungulira. Nditasiya waya wa saundi nkuyamba kugwiritsa Bluetooth ya modyuleta nkhani inathera pomwepo, ikutchaja koma mluzu kulibe. Ngati yanu ilibe Bluetooth musamatchaje uku mukumvera, kapena pezani ka ground loop isolator, kachipangizo kotsekera phokoso la magetsilo, koika pa waya wa saundiwo. Tima chaja totchipa tija timapanganso phokoso lakelake, ena mumabaya chogawa pa laita nkuikapo chaja, kamera ndi modyuleta pamodzi, yesani kuzula chimodzichimodzi mumva chikusokosa. Koma mluzu ukamamveka ngakhale pa siteshoni wamba modyuleta mutaizula, imeneyo ndi ya galimoto, mwina earth ya wailesi yamasuka, mwina mitu ya batire yachita ufa woyera uja, mwina altaneta yatopa, pitani kwa amagetsi a galimoto akayeze.

Zozima pa hampu zinali zachidule. Mu soketi ya laita munali fumbi ndi dzimbiri pansi pake, ndinachotsa kiyi kaye, nkupukuta ndi kansalu kokulunga pa kamtengo, kenako ndinakankhira panja pang'ono tizitsulo ta mmbali mwa modyuleta tija kuti tizigwira molimba. Chonde musalowetsemo sikuludiraiva kiyi ali on, mupsereza fyuzi ya laita, imene pa chivundikiro amalemba CIG, nthawi zambiri imakhala ya 15A. Ma modyuleta ena alinso ndi kafyuzi kawo kunsonga, mumapotokola kansongako nkukaona, nde ikangofa osayaka yambani mwaona pamenepo musanaitaye. Ndipo zomakulunga waya pa fyuzi yakupsa zija ayi abale, galimoto zimapsa nazo.

Fulashi nayo imadumpha nyimbo zina. Ma modyuleta ambiri amafuna fulashi yofomatidwa mu mtundu wa FAT32 ndipo nyimbo zikhale MP3, zina timatumizirana pa foni zija zimakhala za mtundu wina nde imangozidutsa mwakachetechete.

China choti mudziwe, malo opanda siteshoni ku Blantyre si kuti akhalanso opanda ku Lilongwe. Pa M1 ukamayandikira Dedza masiteshoni ena amayamba kubwera mwamphamvu, kamodyuleta nkofooka kwambiri sikangalimbane nawo, amakapanga dala choncho kuti kasasokoneze galimoto za anzathu. Nde ine ndinasunga malo awiri pa mabatani a wailesi, 5 ndi 6, ndipo nambala zoika pa modyuleta ndinazilemba pa kapepala nkumata pa dashibodi, poti masamu ophatikiza 14 uli pa chiwongolero si abwino.

Ka shiii kapatali kalipobe nyimbo ikafika pachete, ndipo kamvekedwe kake sikafika pa ka CD, FM imadula mawu opyapyala a pamwamba cha pa 15 kHz. Ine sizindivuta. Amene khutu lanu silikulola, pali modyuleta ina yolumikiza pa waya wa eriyo penipeni kuseri kwa wailesi, imeneyo ikayaka imatsekera masiteshoni kunja, koma imafuna kumasula dashibodi, nde mukafika pomasula funsaninso mtengo wa wailesi ina yokhala ndi Bluetooth ndi USB yofika 108, ekisipanda ija muichotseretu.