Dzimbiri pa zopondera za pikiapu: pomwe ndafika

Zopondera zonse ziwiri, zija za m'mbali zomwe timapondapo pokwera, ndazitsitsa pagalimoto. Cha kumanzere chalandira kale primer, penti woyamba wogwira pa chitsulo, ndipo chikuuma, cha kumanja chikadali chitsulo chokhachokha chifukwa chikufunika kuwotcherera kaye. Zanga ndi zija za paipi yachitsulo, zokhala ndi labala pamalo opondapo, ndipo mbali iliyonse imagwira ku chassis ndi mabulaketi atatu.

Zikadali pagalimoto zinkaoneka kuti zangotupa penti apa ndi apo, moti munthu akanati apale pang'ono, apopere penti wakuda, nkhani yatha. Nditachotsa labala uja mpomwe ndinaona kukula kwa vuto. Pansi pake panali matope ouma osakanikirana ndi dzimbiri, ndipo nditalowetsa sikuludiraiva linayamba kusupuka zigamba ngati makungwa a mtengo wakale. Labala satchinga madzi, amawasunga. Amalowa m'mbali, mchenga umalowa nawo, ndiye nthawi iliyonse munthu akaponda mchengawo umakwecha penti mpaka chitsulo chionekere. Kuti chitsulo chichite dzimbiri pamangofunika madzi ndi mpweya, ndipo pansi pa labala ziwirizi sizisowa ngakhale kunja kutauma. Pakakhalanso mchere, kaya wa mphepo ya kunyanja kaya uja amathira m'misewu kumayiko ozizira, zinthu zimathamanga kwambiri. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, n'chifukwa chake limatukula penti n'kutsegulira madzi njira ina.

Kumasula mabawuti kunafuna kuleza mtima. Ndinawathira mafuta omasulira madzulo n'kuwasiya agone nawo, m'mawa ndinagogoda mitu yake ndi hamala, kenako kumasula pang'ono, kubweza pang'ono, mpaka atayamba kuyenda okha. Soketi ikhale ya makona 6, chifukwa ya makona 12 imaterereka pa nati yodyeka n'kuyisandutsa yobulungira. Ena amawotcha nati kuti imasuke, ndipo zimathandizadi, koma m'mbali mwa chassis mumadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, choncho ine moto sindinaufikitseko. Mabawuti akalewo sindiwabwezeretsa. Ndagula atsopano olembedwa 8.8 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwake, ngati omwe analipo. Osapanga dzimbiri aja amakopa, koma wamba olembedwa A2-70 ndi ofookerapo poyerekeza ndi 8.8, ndipo apa ndi pamalo ponyamula thupi la munthu.

Ndisanagwire grinder ndinayamba ndayenda ndi hamala paipi yonse, kugogoda n'kumamvetsera. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu. Cha kumanzere chinalira bwino paliponse. Cha kumanja, pomwe bulaketi yakumbuyo imakumana ndi paipi, nsonga ya sikuludiraiva inalowa osakankha n'komwe, ndipo pobowokapo panatuluka fumbi lofiirira lodzaza chikhatho.  Pamenepa filler, phala lija lomatira mabodi a galimoto, ayi. Filler amatseka bowo kuti maso asaone, koma sanyamula kanthu, ndipo tsiku lina munthu adzaponda atanyamula mwana. Ndadula mbali yodyekayo mpaka pomwe chitsulo chayambanso kukhuthala, ndipo ndikonza chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana.

Pa kupala pali kanthu kamene kamanamiza anthu ambiri. Burashi ya waya yomangirira pa grinder imachotsa dzimbiri losupuka msangamsanga, koma lolimba lija imangolisalaza mpaka liwale. Umaona pakuda pothwanima n'kumati wafika pa chitsulo, chonsecho ndi dzimbiri lomwelo lopukutidwa. Chitsulo chenicheni chimaoneka chotuwa mowala, ndipo ukadutsitsapo sandipepa fumbi lake silikhala lofiira. Choncho burashi ndinangoyigwiritsa ntchito poyambira ndi m'makona, kenako flap disc ya 80, chimbale cha sandipepa chomangirira pa grinder, n'kumaliza pamanja ndi sandipepa yosalalirapo ya 120 ndi 180. Sindinapitirire pamenepo, chifukwa primer amafuna timizere toti agwirepo. Zonsezi zisanachitike ndinatsuka zopondera ndi sopo wochotsa mafuta, apo ayi sandipepa imangopaka girisi m'timizere tomwe tija. Magalasi a m'maso musawaiwale, anzanga. Timawaya ta burashi timathothoka n'kuuluka, ndipo ine ndinatizula tingapo pa ovolo.

Totsala ndi timaenje ting'onoting'ono tomwe disc siifika pansi pake pokhapokha utadya chitsulo chabwino chozungulira. M'menemo ndinapaka mankhwala a phosphoric acid, omwe amasandutsa dzimbiri kukhala iron phosphate, chinthu chotuwa moderako chomwe penti amagwirapo. Pali enanso a tannic acid, amenewo amadetsa chitsulo bii. Onsewa amagwira ntchito pa dzimbiri lopyapyala lokha. Ukawapaka pa chigamba chokhuthala amangodetsa pamwamba, pansi pake dzimbiri lili phee kupitiriza kudya. Asidi wotsala ndinamutsuka bwinobwino, chifukwa ma primer ena a epoxy sagwira pomwe pali asidi, ndipo opanga amalemba zimenezi pachitini.

Mabulaketi, poti ndi aang'ono komanso opindikapindika, ndinawaviika mu viniga wamba. Asidi wake ndi wochepa, pafupifupi 5 peresenti, ndiye amachedwa, koma amafika paliponse. Nditawavuula ndinawakwecha, kuwatsuka m'madzi a soda kuti asidi athe mphamvu, n'kuwaumitsa nthawi yomweyo ndi mpweya wotentha. Chitsulo chongotsukidwa kumene chimachita dzimbiri lachikasu uli kuyang'ana, mphindi zochepa chabe. Choncho tsiku lopala komaliza likhale tsiku lomwelo lopaka primer.

Primer ndasankha wa epoxy, uja wosakaniza zitini ziwiri, chifukwa salola chinyezi kudutsa. Primer wotuwa wamba amamwa madzi akasiyidwa wopanda penti pamwamba. Ndinayamba ndi kaburashi kakang'ono, kudutsa m'makona monse, m'mizere yowotcherera ndi m'mphepete mwa mabowo, kenako mpomwe ndinapopera chonse kawiri. Penti amathawa pa kona yakuthwa n'kutsala wopyapyala, ndipo dzimbiri likabwerera limayambira pomwepo, motero makona akuthwa ndinayamba ndawabunthitsa ndi fayilo. Nthawi yopakira nayonso ndi nkhani. Lamulo la anthu opaka zitsulo ndi lakuti chitsulo chikhale chotentherapo ndi madigiri 3 kuposa pomwe mame amayamba kugwa, choncho m'mamawa ndi madzulo ndimapewa, ndimadikira chitsulo chifunde. Epoxy sapirira dzuwa, amatuwa n'kuyamba kuchita ufa, ndiye pamwamba pake padzabwera penti wokhakhala uja amapaka m'mabodi a mapikiapu, yemwe amapirira timiyala komanso saterera nsapato ikanyowa. Mapenti ambiri osakaniza ndi hardener, mankhwala oumitsa penti, amakhala ndi ma isocyanate omwe amawononga mapapo, ndipo kansalu kotchinga fumbi sikateteza. Pamafunika chopumira chenicheni cha penti ndi malo opita mphepo.

Koma gawo lomwe ndaika mtima kwambiri ndi lomwe palibe adzalione, ndilo mkati mwa paipi. Bowo la kumanja lija silinayambire kunja. Nditadula ndinapeza kuti kunja penti anali akadalipo, mkati chitsulo chatsala ngati pepala. Madzi amalowera pa zotsekera za kumapeto ndi pa mabowo a timapini ta labala, komanso usiku chitsulo chikazizira chinyezi chimasanduka madontho mkatimo. Akalowa alibe potulukira, amakhazikika potsika n'kumadya mwakachetechete. Opanga ambiri mkatimo sapakamo chilichonse chogwira mtima. Choncho ndaboola timabowo ta mamilimita 6 kunsi kwa paipi, kumapeto onse ndi pafupi ndi bulaketi iliyonse, ndipo ndinatiboola ndisanapake primer kuti m'mphepete mwake mupakike. Penti akadzauma ndidzapopera cavity wax, phula loteteza ku dzimbiri, mkati ndi kapaipi kaatali kopopera mbali zonse, kenako kutembenuza chopondera uku ndi uku padzuwa kuti phulalo liyenderere mpaka lidonthe pa mabowo. Phula limeneli siliuma gwaa, limakhalabe lofewa ndipo limalowa m'timing'alu tomwe penti sangafike. Liyenera kubwera komaliza kwenikweni, kuwotcherera ndi kupenta zitatha, chifukwa limayaka ndiponso penti sagwira pomwe ladontha.

Amene zopondera zanu ndi za aluminiyamu, dzimbiri lofiira simudzaliona pa chopondera chenichenicho, koma yang'anani ufa woyera pomwe aluminiyamu wakhudzana ndi bulaketi yachitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pali madzi, makamaka amchere, aluminiyamu ndi amene amadyeka. Kawashala ka nayiloni kapena kalabala pakati pake kamathetsa vutoli. Burashi yomwe yapala chitsulo isakhudze aluminiyamu, imasiyapo tizidutswa tomwe timayambitsa madontho a dzimbiri.

Ndinaganizirapo zokaviikitsa mabulaketi mu zinki wosungunuka, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 450, chifukwa zinki amadyeka m'malo mwa chitsulo ngakhale pokandika. Kwa amene akukonza zopondera zatsopano ndi njira yabwino kwambiri. Kwa ine epoxy ndi phula zikwana. Chongokumbutsana n'chakuti chitsulo cha zinki chisawotchereredwe osapala zinkiyo kaye, utsi wake umadwalitsa.

Chotsatira ndi kuwotcherera chigamba cha kumanja, kusalaza mzere wake n'kuonetsetsa kuti palibe tibowo totsala, kenako chilandire primer ngati chinzake. Labala ndidzamubwezeretsa nditapaka phula pansi pake, ndipo m'malo mwa timapini tapulasitiki tothyoka tija ndikufuna tomasuka mosavuta, kuti kamodzi pachaka ndizitha kumukweza, kutsuka pansi pake ndi kutokosa timabowo ta madzi ndi kawaya ngati matope atitseka. Pomanga, mazinga a mabawuti adzalandira girisi woletsa kugwirana, ndipo pomwe mabulaketi amakhala pa chassis ndipapala ndi kupapenta mawa, zopondera zisanabwerere.